Woyimba Wosadziwika M'nyumba Mwake

Dzina loti Tsabola anam'patsa ndi malemu bambo ake, ndipo sanaphonye. Anali mtsikana wa mtima wapachala, woti ukam'ponda chala amakubwezera ndi phazi lonse. Koma Lachiwiri lija atalowa pabalaza n'kupeza mayi ake ataima patsogolo pa kompyuta, manja ali m'chiuno, magalasi atatsikira kunsonga ya mphuno, anadziwiratu kuti lero wowawa m'nyumbamo si iye.

"Bwera kuno," anatero mayi akewo osatembenuka. "Iwe unapita kusukulu. Ndiwerengere ichi."

Tsabola anaika chikwama pampando n'kusendera. Pasikirini panali pulogalamu yachilendo, yakuda bii, yonyezimira, yokhala ndi timizere tovinavina m'munsi. Mzere uliwonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, unali ndi mawu a Chingerezi amodzimodzi.

"Akuti chiyani?"

Tsabola anawerenganso. "Akuti woyimba wosadziwika."

"Wosadziwika ndani? Amuna anga? M'nyumba yomwe anamanga ndi manja awo?"

Kompyutayo inali ya malemuwo. Inkakhala pakona, pansi pa chithunzi chawo, yofunditsidwa nsalu yamaluwa kuopa fumbi. Bambowo anali mphunzitsi wa kwaya, ndipo atapuma ankakhala pamenepo ndi gitala ndi kamaikolofoni komanga ndi tepi, kujambula nyimbo zomwe ankapeka okha. Mayina a nyimbozo sankawapereka mmene amachitira anthu ena. Iwo nyimbo ankaitchula ndi nkhani yake: "Ya tsiku lomwe denga linadontha", "Yopepesera amayi ako za mbale ija", "Yogonekera Tsabola akavuta". Ankazimvera pa kapulogalamu kakalekale, kotuwa, kosaoneka bwino, ka manambala obiriwira ndi batani limodzi lalikulu. Chimwalirireni bambowo, mayi ankavundukula nsalu ija masana aliwonse, kuwerenga mayinawo ndi chala, kusankha imodzi n'kudina batani lalikululo. Pa kompyuta yonseyo ankadziwa chimenecho basi, ndipo chinkawakwanira.

Tsopano kapulogalamu kaja panalibe, mayina ajanso panalibe.

"Ndi uja wakoyu," anatero mayiwo. "Ine ndinangomuuza kuti kompyuta ikuchedwa kuyaka. Sindinamuuze kuti andifufutire mwamuna."

Uja wakeyo anali Injiniya, mnyamata wokonza makompyuta amene Tsabola anakhala naye pa chibwenzi kuyambira chaka chatha. Uinjiniya weniweni analibe, dzinalo anangom'patsa anzake chifukwa chosatha kudutsa chinthu osachikonza, ngakhale chosaonongeka. Mayi sanam'konde kwenikweni, koma Tsabola analimbana nawo mpaka analola kuti Loweruka likubweralo Injiniya abwere ndi abale ake, mabanja awiriwo adziwane. Lamulungu anabwera kudzapereka moni, ndipo ndi tsiku lomwelo anakhudza kompyutayo.

"Loweruka asabwere munthu pano," anatero mayi. "Mipando ndabwereka kale kwa aneba, koma ndilolera ikhale yopanda anthu. Sanalowe n'komwe m'banja, wayamba kale kutulutsa eni ake?"

Tsabola anafuna kumuikira kumbuyo, koma atayang'ananso pasikirini anaona kuti mayi ake sakunama. Anatenga chikwama chake n'kutuluka osatseka chitseko.

*

Anam'peza Injiniya m'kashopu kake, atawerama pa kompyuta ya munthu wina, kasikuludiraiva kali kukamwa. Atamuona anamwetulira mpaka kachitsuloko kanagwa.

"Wabwera bwino, mtima wanga. Amayi aiona? Aikonda, eti?"

"Aikonda zedi. Aikonda mpaka Loweruka alifafaniza."

Kumwetulira kuja kunazima. Tsabola anafotokoza zonse ataimirira, mpando womwe anam'patsa akuukana.

"Ayi, ayi, tadekha," anatero Injiniya. "Nyimbo zonse zilipo, palibe yomwe yatayika. Pulogalamu ija imasanja yokha. Pali kabokosi kofunsa ngati ukufuna ikukonzere nyimbo zako, ine ndinangochonga. Imawerenga zomwe zalembedwa mkati mwa fayilo n'kuipatsa dzina loyenera. Tsono abambo ankangolemba kunja, mkati osalembamo kanthu."

"Ndiye wolakwa ndi bambo anga."

"Sindinatero."

"Watero. Munthu ali m'manda, iwe ukumuchongera ntchito ngati mwana wa sukulu."

"Tsabola, tamvera kaye. Kapulogalamu kaja n'ka makedzana. Sikaonetsa mafilimu, mawu sikatulutsa bwino, kamakakamira pakati pa nyimbo. Ine ndayesa mapulogalamu onse amene alipo, palibe yoposa imene ndakuikiraniyo. Makasitomala anga onse amabwera kudzandithokoza."

"Amayi anga si kasitomala wako!"

Mayi wina amene ankadikira kompyuta yake pakhomo anadzuka mwakachetechete n'kukaima patali. Tsabola sanasamale.

"Ndiyankhe ichi chokha. Usanayambe, unakopera kaye nyimbozo penapake, ndi mayina ake?"

Injiniya anakanda mutu. Iyeyu ndi amene ankalalikira aliyense wolowa m'shopumo kuti zinthu uzikopera kaye usanazikhudze. Tsiku limenelo anali ndi changu chofuna kusangalatsa apongozi, ndipo ulaliki wakewo anauiwala kunyumba. Akanangonena kuti pepani, mwina zikanathera pomwepo. Koma manyazi a mwamuna amakonda kutulukira m'makani.

"Komanso inu," anatero akutambasula manja, "kodi anthu mumamvera nyimbo kapena mayina?"

Tsabola anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi.

"Pepani a Injiniya," anatero ndi ulemu woluma. "Ife kwathu ndi mbuli, sitidziwa mapulogalamu. Timangodziwa kuti tsiku lina denga linadontha, bambo anga n'kuyimba m'malo modandaula. Inuyo ndi pulogalamu yanu yanzeruyo muzikasanja kwanu. Kwathu musapondeko, ndipo kompyuta ija musadzaikhudzenso ngakhale ndi chala."

"Tsabola!"

Sanacheuke.

*

Foni inayamba kulira asanafike n'komwe pamsewu waukulu. Anaidula. Inaliranso, anaidulanso. Kenako kunayamba kugwa mauthenga.

"Ukukokomeza nkhani yaing'ono."

Anaufufuta.

"Ndimafuna kuwathandiza amayi, iwe ukudziwa."

Anaufufutanso, chala chikugunda foni ngati foniyo ndiyo yalakwa.

Lachitatu Tsabola anaganiza zokonza yekha. Anakokera mpando pakona paja n'kuwaitana mayi ake.

"Amayi, khalani apa. Ine ndiziika nyimbo imodziimodzi, inu muzinditchulira dzina, ndizilemba."

Anadina yoyamba. Gitala atangolira kawiri, mayi anayankha maso ali pawindo.

"Ya ulendo womwe basi inatisiya."

Anadina ina.

"Yopepesera za mbale ija."

Anadina yachitatu. Iyi inalibe mawu. Bambo ankangoyimbira kukhosi, milomo ili yotseka, gitala akulira pansipansi, chifukwa ankati mawu amam'dzutsa mwanayo m'malo momugoneka. Tsabola anamva misozi ikubwera, anaibweza mokwiya.

"Iyo ndi yako," anatero mayi. "Yogonekera Tsabola akavuta. Unkavuta tsiku lililonse."

"Mwaona? Mukuzidziwa zonse. Pofika madzulo tikhala tamaliza."

"Zimitsa."

"Amayi?"

"Ndati zimitsa. Kuzidziwa ndikuzidziwa, ngakhale utandidzutsa kutulo. Koma mayina aja analemba ndi zala za amuna anga, ndi zilembo zawo zodumphadumpha. Ukalemba iwe akhala ako. Ine sindikufuna ako." Anadzuka n'kukonza mpango kumutu. "Usadzivutitse. Ndayimbira kale Kwayamasita. Akuti abambo ako anam'patsa nyimbo zonse pa flashi kuti aziphunzitsira kwaya. Abwera mawa."

Tsabola anakukuta mano. Kwayamasita anali mnyamata amene anatenga malo a bambo ake ku kwaya, wa malaya ositidwa mpaka mizere kuthwa, wolankhula motsitsa ngati nthawi zonse ali pafupi ndi wodwala. Malemu ankam'tchula kuti mwana wanga wa kukwaya. Mnyamatayo anam'funsirapo Tsabola, Tsabola n'kumukana mosapsatira mawu, koma iye sanasiye kubwera kudzatengera mayi mtanga wa kumsika ndi kuwakonzera mpopi. Mayi akamatchula dzina lake nkhope yawo inkawala.

"Akanangotumiza flashiyo," anatero Tsabola.

"Abwera nayo yekha. Iyeyo amadziwa kugogoda asanalowe."

Madzulo a tsiku lomwelo unabwera uthenga wina, wosiyana ndi ena aja.

"Ndalakwa. Funso lija linali lopusa, ndipo amene anafunsa ndi wopusa. Kapulogalamu ka abambo ndakafufuza mpaka ndakapeza. Ndilole ndibwere nako mawa ndikaweruka, ndidzapepese kwa amayi. Kompyuta sindidzaikhudza, udzaika wekha."

Tsabola anauwerenga, n'kuuwerenganso. Mkwiyo unalipobe, koma unali utayamba kupepuka, ndipo zimenezo zinam'kwiyitsanso. Analemba mawu ambiri, n'kuwafufuta onse. Anatumiza amodzi okha: "Ubwere."

*

Kwayamasita anafika Lachinayi dzuwa litapendeka, atanyamula flashi m'kathumba ngati mankhwala. Anapereka moni wa manja awiri kwa mayi, kwa Tsabola n'kuwerama pang'ono.

"Achemwali, ndamva zomwe zachitika. Pepani kwambiri. Anthu ena amakonda zatsopano, sadziwa kuti zakale zili ndi eni ake."

"Ingopangani zomwe mwabwerera," anatero Tsabola.

"Iwe, pakamwa!" anadzudzula mayi.

Kwayamasita anakhala pa mpando wa malemu, chinthu chomwe ngakhale Tsabola sankachita, mayi osam'letsa. Anabaya flashi, n'kukopera foda yonse. Kapulogalamu kotuwa kaja anali nakonso, ndipo atakaika n'kukatsegula, manambala obiriwira aja anayaka. Mayina anatsika pasikirini ndi zilembo zawo zodumphadumpha.

Mayi anagwira pakamwa. Anasendeza chala pagalasi, kuwerenga limodzilimodzi, misozi ikutsika osaipukuta.

"Abwerera," ananong'ona. "Amuna anga abwerera."

Ngakhale Tsabola mtima unakhala pansi. Anali pafupi kunena kuti zikomo, mawu omwe sanaganizepo kuti angamuuze munthu ameneyu, pamene Kwayamasita anatsitsa mayinawo mpaka kumapeto n'kuima.

"Ha! Iyi bwanji sindinaionepo?" anatero, akudzidabwitsa. "Amayi, taonani apa."

Anadina. Dzina linatuluka pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu, likuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumanja kupita kumanzere: "Yodzayimba pa ukwati wa Tsabola ndi mwana wanga wa kukwaya".

M'masipika munatuluka gitala wolira pansipansi, kenako bambo akuyimbira kukhosi, milomo ili yotseka.

Tsabola anauma thupi lonse. Kenako anaphulika.

"Bodza! Nyimboyi dzina lake si limenelo!"

"Achemwali, ine ndangokopera zomwe abambo anandipatsa," anatero Kwayamasita ndi mawu ake a kuchipatala aja. "Mwina ankachita manyazi kukuuzani pamaso."

"Mwasintha ndinu! Mwakhala pansi kwanu, mwafufuta zomwe analemba bambo anga, mwalembapo zanu. Ndiye muli pano, pa mpando wawo, nkhope ili gwa!" Anatembenukira kwa mayi ake. "Amayi, auzeni. Dzulo lomweli mwanditchulira nokha. Iyi ndi yanga, yondigonekera. Auzeni!"

Mayi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya nsalu. Anapukuta mbali imodzi, anapukuta inayo. Maso awo anali pansi.

"Ndakalamba, mwana wanga," anatero. "Zina ndimasokoneza."

Mayi amene anafafaniza Loweruka chifukwa cha mayina, amene dzulo lomwe ankazindikira nyimbo gitala atangolira kawiri, lero akuti amasokoneza. Sanasokoneze kanthu. Dzina labodzalo linali litanena zomwe mtima wawo unkafuna kuyambira kale, ndipo analilandira ndi manja awiri.

"Odi."

Onse anacheuka. Pakhomo panaima Injiniya, atavala malaya oyera omwe Tsabola ankadziwa kuti amasungira Loweruka, kaflashi kali m'manja. Maso ake sanali pa munthu aliyense. Anali pa zilembo zoyenda zija, milomo ikuwerenga chamumtima.

"Usakhulupirire zimenezo," anatero Tsabola akum'thamangira. "Wasintha ndi ameneyu. Nyimboyi ndi ina."

Injiniya anagwada pakhomo pomwepo monga anakonzera.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa. Ndinalakwa kukhudza zinthu za abambo osafunsa. Koma ndiloleni ndifunse chimodzi. Inu mayina onse mumawadziwa. Zomwe zalembedwazo n'zoona?"

M'masipika bambo ankapitiriza kugoneka mwana wawo.

"Mwawerenga nokha, achimwene," anatero mayi.

Injiniya anadzuka pang'onopang'ono n'kusansa fumbi pamaondo. Nkhope yake inali itada.

"Ndiye ukanangondiuza," anauza Tsabola. "Unandisambitsa chokweza pamaso pa makasitomala chifukwa cha mayina a abambo. Unati mayina amenewa ndi opatulika. Chabwino, ndavomereza. Nali dzina lawo likulankhula."

"Ukukhulupirira ameneyu kusiya ine?"

"Ndikukhulupirira amayi ako. Kapena ukufuna ndinene kuti akunama?"

Kwa Tsabola, kunena kuti inde kunali kuwavula mayi ake pamaso pa alendo awiri. Injiniya anadikira pang'ono, ndipo ataona kuti yankho silikubwera anaika kaflashi kaja patebulo.

"Kapulogalamu ka abambo kali mmenemo. Ndaona kuti ena andipitirira kale."

Anatuluka.

*

Tsabola sanam'tsatire nthawi yomweyo, ndipo pamenepo ndi pomwe analakwitsa. Mkwiyo unam'kankhira ku kompyuta. Anam'landa Kwayamasita mausi, n'kutsegula foda kuti afufute yekha dzina labodzalo. Koma chifukwa cha phuma, m'malo modina kamodzi anadina kawiri. Pasikirini panatuluka kabokosi. Mapulogalamu oyimbira nyimbo tsopano analipo awiri, ndiye kompyuta inkafunsa kuti izitsegula nyimbozi ndi iti masiku onse. Panali tizithunzi tiwiri toyandikana, kotuwa ndi kakuda konyezimira.

"Ikuti chiyani?" anafunsa mayi.

"Ikuti tisankhe, amayi," anayankha Kwayamasita mofatsa. "Tisankhe imodzi yokhazikika."

"Ndiye ukudikiranji? Sankha ya bambo ako."

Tsabola anayang'ana tizithunzito. Kotuwako kanali ka bambo ake ndithu, kamene anakamenyera nkhondo sabata yonse, koma lero kankayendetsa bodza pamwamba pa nyimbo yake ngati mbendera. Kakudako kanali ka mwamuna wopusa amene ankam'konda, ndipo ankadziwa kuti akangokadina kasanjanso chilichonse, kufufuta dzina labodza pamodzi ndi oona onse, mayi ake akuona. Pambali pake Kwayamasita anali atapinda manja pachifuwa, akudikira ngati munthu wodziwa kale yankho.

"Sindisankha zomwe mwandikonzera," anatero Tsabola.

Anawerama n'kuzula chingwe cha magetsi kukhoma. Sikirini inada, mawu a bambo anaduka pakati.

"Tsabola!" anakuwa mayi. "Wawadula abambo ako pakamwa!"

"Anawadula ndi amene anawaika mawu m'kamwa. Inu mukuwadziwa."

Anathamanga kutuluka, nsapato zosiyana kumapazi, mpaka pamsewu waukulu. Anafika basi ikunyamuka. Malaya oyera anawaona pawindo lakumbuyo, koma mwini wake sanacheuke. Anam'yimbira, foni inalira mpaka kuduka yokha. Anaima pamenepo fumbi likum'lowa m'maso, akudzitukwana chifukwa choyamba kulimbana ndi makina munthu akupita.

Pobwerera anapeza kompyuta yafunditsidwa nsalu yake yamaluwa. Kwayamasita anali atakhala pasofa, kapu ili m'manja, ndipo inali kapu ya malemu. Mayi analankhula ndi mlendoyo ngati sanamuone mwana wawo akulowa, koma mokweza kuti amve bwino.

"Mipando ija ndinabwereka kale, mwana wanga, ndipo sindingaibweze osakhalapo munthu. Loweruka ubwere ndi abale ako."

"Zikomo, amayi," anatero Kwayamasita, maso ali pansi mwaulemu.

Tsabola asanalowerere nkhaniyo, foni inanjenjemera m'manja. Unali uthenga wa Injiniya.

"Ndawauza amalume zonse. Akana kusintha. Akuti Loweruka tikubwera ndithu, udzatiuze wekha pamaso pa anthu kuti amene akunama ndani."

Tsabola anakweza maso. Mayi ake anali akuwonjezera shuga m'kapu ya mlendo, supuni ikugunda m'mbali, osam'yang'ana mwana wawo.